Mtengo Unalira, Alamu Osamva

Chipinda chimene ndimasokeramo zovala si changa ndekha. Pakati pake pali katani yobiriwira, ndipo kuseri kwa kataniyo kuli tebulo la alamu anga, amuna a malemu achemwali. Iwo amakonza zitoliro, malipenga ndi zoimbira zina zonse zimene munthu amachita kuuzira ndi pakamwa. Mumsewu mwathu muno palibe amene amawatchula dzina, onse amangoti a Zitoliro. Ine alamuwo amanditchula Singano, ati pakamwa panga pamabaya. Sindikana. Munthu amene wakalamba akumva malipenga odwala akulira kuseri kwa katani ali ndi ufulu wobaya pang'ono.

Alamu sanabadwire m'banja la oimba. Bambo awo ankakonza maloko ndi maambulera, ndipo mwanayo anakula akudziwa kuti chilichonse chotseguka ndi kutseka chili ndi kasipuling'i kake kobisika penapake. Atakula analowa m'gulu lina la oimba, akufuna kutchuka ngati anzawo, koma mphatso yoimba inawalambalala. Iwo eni amanena kuti akayamba kuuzira, agalu a m'dera lonse ankaitanitsa msonkhano. Chimene anali nacho ndi manja. Lipenga la mnzawo likakanika, iwo ankaliphwasula pa nthawi yopuma n'kulibweza likulira bwinobwino. Mapeto ake oimbawo anawalanda lipenga mwaulemu n'kuwapatsa sikuludiraiva, ndipo umu ndi mmene anapezera ntchito ya moyo wawo wonse.

Atakwatira achemwali, anakhazikika m'zipinda za pamwamba pa shopu yomweyi. Mphatso ya ana sinabwere. Achemwali anaika mpando wawo pazenera, pafupi ndi tebulo la amuna awo, n'kumaluka majuzi pamenepo kuyambira m'mawa mpaka nthawi yophika. Ine ndinabwera ndi makina anga pambuyo pake, banja langa litatha, ndipo iwo ndi amene anakakamiza alamu kuti andigawire theka la chipinda.

Vuto la makutu linawalowa alamu mwakachetechete. Choyamba kuwathawa linali belu la pakhomo. Kenako ketulo ikamalira pamoto ankaisiya mpaka madzi kuphwa. Kenako mawu a amayi ndi a ana, pamene amuna a mawu aakulu ankawamvabe. Mawu aang'ono, okwera, ndiwo anayamba kupita, ndipo kwa munthu wokonza zitoliro amenewo ndiwo mawu a ntchito. Kampweya kothawira pabowo la chitoliro, pansi pa kiyi wosatseka bwino, kamangonong'ona, ndipo ukapanda kukamva, chitoliro chimabwerera kwa mwini wake chikudwalabe.

Koma nthawi yonse imene achemwali anali moyo palibe chitoliro chinabwezedwapo. Alamu akamaliza kukonza ankauzira kuti ayese. Achemwali ankadzutsa mutu, n'kuwayang'ana kumaso, n'kunena mokweza ngati akukamba za mvula: "Bambo, kakiyi kam'munsiko ndikuona ngati kapendekeka." Sankati ndamva, ankati ndikuona. Alamu ankang'ung'udza kuti mkazi woluka majuzi angadziwe chiyani za makiyi, kenako n'kutenga kakiyi komweko n'kukakonza.

Achemwali atadwala sanathenso kutsika masitepe. Ankagona pamwamba, ndipo akafuna amuna awo ankagogoda pansi ndi ndodo: gu, gu. Alamu ankasiya ntchito n'kukwera akudandaula. "Matenda awasandutsa bwana achemwali anuwa," ankatero. "Akundiitana ngati wantchito wa m'hotelo." Koma ankakwera, ndipo sankachedwa.

Titawaika m'manda, zitoliro zinayamba kubwezedwa. Mphunzitsi wa gulu la oimba la kusukulu anabweza zake, n'kubwezanso, kenako anangosiya kubwera. Alamu ankati ana a masiku ano sadziwa kuuzira. Tsiku lina ndinaleka makina n'kukaima kutsogolo kwawo.

"Alamu, bwanji mukaonetse makutuwo kuchipatala?"

"Makutu anga ali bwino, Singano. Kungoti ndimasankha zomva, ndipo zanu zambiri sizipambana mayeso."

"Musandiseke. Ndikunena zoona."

Nkhope yawo inasintha. Analoza ndi sikuludiraiva kunja, kumene kuli chikwangwani chawo chojambulidwa lipenga. "Wokonza zitoliro wosamva ndi telala wopanda maso. Tsiku limene ndidzanene ndi pakamwa panga kuti sindikumva, ndidzatsitsa chikwangwanicho tsiku lomwelo. Ndiye musandifulumizitse."

Ndinabwerera ku makina anga nditakwiya, koma ndinachitanso mantha. Ndinkadziwa kuti munthuyu akatsitsa chikwangwani, chotsalira chake n'kukhala pakhonde kudikira imfa.

Zinthu zili choncho, m'mawa wina kunabwera mayi wina wachikulire amene tonse timamudziwa kuti amayi a kupositi, ngakhale anapuma ntchitoyo kalekale. Kumbuyo kwawo amuna awiri ananyamula bokosi lakuda lalitali, moti wogulitsa nyuzipepala wa pakona anavula chipewa poganiza kuti ndi maliro. Atalitsegula panatuluka fungo la nkhungu ndi la mafuta akale. Munali zigawo za mtengo wofiirira, zonenepa ngati mwendo wa munthu, zokutidwa ndi zitsulo zamkuwa zimene zinali zitasanduka zobiriwira.

"Ichi chinali cha bambo anga," anatero amayi a kupositi. "Nawonso anachilandira kwa mphunzitsi wawo chili chakale kale. Chimwalirire iwo chakhala pamwamba pa wadirobu. Sindikufuna kuchigulitsa, ndipo kuimba sindidziwa. Ndikungofuna chilirenso. Ndili mwana ndinkagona chafufumimba pansi iwo akamayeserera, mawu ake ndinkawamvera m'mimba."

Alamu ankawayang'anitsitsa milomo, monga anali atazolowera kuchita ndi amayi onse. Kenako anagwada pabokosipo ngati mwana wopatsidwa mphatso.

"Mayi, m'moyo wanga wonse chinthu ichi ndinangochionapo pachithunzi. Chilira. Koma musandifunse kuti liti."

Dzina lake lenileni ndi kontirabasuni, dzina loluma lilime. Ine ndinangochipatsa langa. Alamu atandiuza kuti mawu ake ndi otsika kuposa a zitoliro zonse, kuti chimangong'ung'udzira pansipansi ndipo chimafuna kuchigwira mwaulemu, ndinati basi amenewa ndi Apongozi. Dzinalo linakakamira.

Alamu atalumikiza zigawozo mongoyerekeza, Apongozi anaima kutalika kuposa ine. Koma alamu anati ndisanyengeke, kutalika kwawo kwenikweni n'kobisika. "Umenewu ndi mpope umodzi, Singano. Mutauwongola ungachoke pakhomo apo kukafika kukhoma la kumbuyo. Munthu wa manja otero kulibe, ndiye mmisiri anaupinda, n'kuupindanso, pokhota paliponse n'kuikapo chigongono chamkuwa." Kumene mpweya umalowera mpopewo ndi wopyapyala ngati chala chaching'ono. Umanka nukula pang'onopang'ono mpaka kumapeto, kumene nkhonya imalowa yonse. Alamu ankasuzumiramo ndi tochi n'kumapukusa mutu, kudabwa kuti munthu anaboola bwanji mtengo mosalala chonchi makina a magetsi kulibe.

Mabowo ake ndi amene anandiseketsa. Ena ndi aakulu moti chala chingagweremo, ndipo atalikirana kwambiri, lina kuno lina kutsidya. Zala sizingawafikire, ndiye pali makiyi. Woimba amadina kachitsulo kali pansi pa chala chake, kachitsuloko kamakankha ndodo yamkuwa yaitali ngati mkono, ndodoyo imakankha inzake, ndipo kutali uko chivundikiro chimatsika n'kutseka bowo. Chala chachikulu chokha chili ndi makiyi ake angapo oti chiziyendera. Alamu anandionetsa kuti makiyi ena amakhala otseka, ukadina amatseguka, pamene ena amakhala otsegula, ukadina amatseka.

"Ngati anthu," ndinatero.

"Eya. Inu ndinu wotsegula, ndipo sipuling'i yanu inathyoka muli mwana."

Makiyi a zitoliro za masiku ano amatuluka m'makina ali ofanana, amamangidwa ndi masikuluwu. A Apongozi anali osula ndi kupala ndi manja, palibe awiri ofanana. Mmisiri posema mtengo anasiya timitumbira, n'kutiboola, ndipo kiyi aliyense amazungulira pa kamsomali kamkuwa kolowa m'kamtumbirako. Pansi pa kiyi pali kasipuling'i kophwatalala ngati tsamba la udzu. Tina tinali titafooka, tina titathyoka. Alamu ankachotsa kiyi mmodzimmodzi n'kumuika pansalu yoyera pamalo ake, ndipo ndikayandikira ankandithamangitsa ngati nkhuku. Kiyi wa chala chachikulu anali ndi kadzenje kosalala pakati, kokumbidwa ndi zala za anthu amene anaimba chitolirochi. Ndinawauza kuti amusule watsopano. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Kiyi mmodzi yekha ndiye anasowa. Alamu anakwera pamwamba, n'kutsika ndi loko lalikulu lamkuwa la m'bokosi la malemu bambo awo. Analicheka, kulisula, kulipala masiku ambiri, mpaka kiyi watsopanoyo anakhala pakati pa anzake ngati anabadwira pomwepo.

Ntchito yanga inabwera pa timapilo. Pansi pa chivundikiro chilichonse pamakhala kapilo kachikopa kuti bowo litsekeke ndithu, ndipo takale tinali titauma gwa, tina titadyedwa ndi njenjete. Ta kusitolo tinali tochepa. Ndinatenga magolovesi akale a chikopa chofewa, n'kudula mozungulira, n'kusoka ngati tizikwama. Zoikamo ndinapeza m'dengu la achemwali, ubweya wotsala wa majuzi awo. Sindinawauze alamu kumene ndautenga, koma anauona mtundu wake, n'kuugwira pang'ono. Ndinakulunganso ulusi wopaka phula polumikizira zigawo, kuti zilowane mothina koma mosakakamiza.

Masiku amenewo alamu anabwerera unyamata. Pa chitoliro chachikulu chonchi makutu sankafunika kwambiri. Ankadula kapepala kopyapyala, kukaika pansi pa chivundikiro, kutseka, n'kukoka pang'onopang'ono. Kakatuluka mosavuta ndiye kuti pamenepo mpweya uthawa. Ankatenthetsa chivundikirocho pa kanyali kuti guluu afewe, kukankha kapilo pang'ono, n'kuyesanso mbali zonse. Zala zinkawauza zonse. Vuto linaoneka pa bango lokha. Chitolirochi chimalira ndi timabango tiwiri tomangidwa pamodzi ndi waya ndi ulusi, timene woimba amaluma ndi milomo, ndipo timalumikizidwa ku mtengo ndi kampope kachitsulo kokhota ngati khosi la tsekwe. Alamu anatisema okha, akupala ndi mpeni mpaka kuwala kumaonekera. Akamauzira bangolo palokha kuti aliyese, linkalira ngati khwangwala wopsa mchira, ndipo ndinaona kuti m'malo momvetsera ankayang'ana nkhope yanga. Ndikakwinya kwambiri ankapalanso.

Panali lamulo limodzi limene alamu ankauza aliyense wobwera ndi chitoliro chamtengo chimene chakhala nthawi yaitali osalira. Ndinalimva kambirimbiri kuseri kwa katani moti ndikanatha kuliimba. Mtengo wouma, ankatero, uli ngati munthu amene wagona ndi njala nthawi yaitali, sumupatsa mbale yodzaza tsiku loyamba. Mpweya wa munthu ndi wofunda ndiponso wonyowa. Ukauzira nthawi yaitali, mkati mwa mpope mumamwa chinyezi n'kutupa, kunja kukadali kouma, ndipo mtengo umang'aluka. Choncho uzipaka mafuta, uziuzira pang'ono pokha pa tsiku, kupukuta mkati, n'kuusiya upume. Kukazizira uyambe waufunditsa kukhwapa. Anthu amene ankabwera ndi zitoliro zong'aluka chifukwa chothamanga ankatuluka m'shopu muno makutu ali psu.

Tsiku loyamba kuwaliza Apongozi linali Lachiwiri masana, ine ndikusoka diresi la ukwati. Ndinamva alamu akukoka mpweya. Kenako sizinali ngati mawu, zinali ngati galimoto yaikulu yaima pakhomo injini ikulira. Lumo linayamba kunjenjemera patebulo langa. Mapini anavina m'chitini. Galasi la zenera linayankha. Ndinakoka katani n'kuwapeza atachotsa bango pakamwa, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa.

"Mwamva, Singano?"

"Msewu wonse wamva, alamu."

"Nanenso ndamva!"

Liwu loti nanenso linawapulumuka, ndipo tonse awiri tinachita ngati silinanenedwe. Ndinabwerera ku diresi langa misozi ili m'maso, moti ndinasoka mzere wokhota n'kuyamba kuphwasula. Munthu uyu anali atakhala nthawi yaitali akukonza zinthu zimene mawu ake sakuwamva, akungoona masaya a ena akutupa. Tsopano panali chinthu chimodzi padziko chimene chinkalankhula pa msinkhu wa makutu ake.

Masiku oyamba anasunga lamulo lawo. Ankauzira pang'ono, kupukuta, n'kuwagoneka Apongozi pansalu. Koma pang'onoyo anayamba kukula. Poyamba ankatha ndisanamalize kusoka mpendero wa siketi. Kenako ndinkamaliza siketi yonse iwo akadali pomwepo, akutsika kiyi ndi kiyi mpaka ku liwu la pansi penipeni, n'kukhala pamenepo maso ali chitsinzinire.

"Alamu, lamulo lija munalikhazikitsa ndinu."

"Ndikuyesa makiyi."

"Makiyi amenewo mwawayesa mpaka akudziwani dzina."

"Sokani zovala, Singano. Mtengowu ndikuudziwa."

Ankaudziwadi, kuposa wina aliyense m'tauni muno. Koma munthu waludzu sawerenga makapu.

Kenako kunacha m'mawa wozizira, wa mphepo youma yong'amba milomo. M'shopu munali zii. Alamu analowa, osavula n'komwe jekete, osafunditsa mtengo kukhwapa, n'kuyamba kuuzira. Sankayesa makiyi tsiku limenelo. Ankaimba kanyimbo kena kamene achemwali ankakonda kung'ung'uza akamaluka, pang'onopang'ono, molakwitsalakwitsa monga mwa mphatso yawo ija. Anakabwereza, n'kukabwerezanso. Ine ndinali nditaimitsa makina kuti ndimvetsere.

Ndipo ndinamva. Tha! Kamawu kakang'ono, kouma, ngati singano yathyokera m'nsalu yokhuthala. Nyimbo inapitirira.

"Alamu!"

Nyimbo inapitirira. Anali atafulatira katani.

"Alamu, siyani!"

Tha! Ndinalumpha, mpando n'kugwa, ndipo ndinakawagwira paphewa mwamphamvu. Anadzidzimuka n'kundiyang'ana mokwiya.

"Mwapenga kodi?"

"Mtengo walira," ndinatero, ndikuwayang'ana kumaso kuti aone milomo yanga.

Sanafunse kuti pati. Anachotsa kampope kachitsulo kaja, n'kuyendetsa chikhadabo pa chigawo choyamba, chimene chimalandira mpweya wofunda. Chikhadabo chinakodwa. Anapita nacho pazenera. Mng'alu unayambira pamlomo pa chigawocho n'kutsika kutalika ngati chala, n'kuima pafupi ndi bowo loyamba. Anakhala pansi pa mpando wa achemwali, umene chimwalirire iwo palibe anakhalapo.

"Unalira mokweza?"

"Ndinaumva ndili kutsidya kwa katani. Unalira, n'kuliranso."

"Ndikanaumva poyamba paja, bwenzi uli waufupi ngati chikhadabo." Anaupukuta ndi mkono wa jekete ngati ungafufutike. "Munandiitana?"

"Ndinakuwa."

Kunja anthu ankadutsa atapinda manja chifukwa cha mphepo. Kenako alamu anafunsa, osandiyang'ana: "Singano, ndi chiyani chinanso chalira m'nyumba muno ine osamva?"

Ndinayamba kutchula belu, ketulo, foni. Anakweza dzanja.

"Sindikunena za ketulo."

Ndinadziwa chimene akufunsa. Ndinakoka kampando n'kukhala kutsogolo kwawo, pafupi, chifukwa mawu amenewa sindinkafuna kuwabwereza.

"Achemwali ankakuitanani, alamu. Masiku oyamba a matenda ankaitana mpaka mawu kusasa. Ndiye anandituma ndodo. Munawaonapo akuyendera ndodo imene ija? Anati ndiwagulire yolemera kunsi. Anati, bambowa mawu anga sakuwafikanso, koma pansi pakagunda amamva."

"Ankadziwa?"

"Anadziwa inu musanadziwe. Mumaganiza kuti kiyi wopendekeka angamuone munthu ali pazenera, maso ali pa juzi?"

"Ine n'kumati akundiitana ngati wantchito."

"Ankamva mukunena. Ankaseka."

"Bwanji sanandiuze?"

"Akanakuuzani mukanatsitsa chikwangwani. Ankakudziwani, alamu."

Analira. Pamaliro a achemwali sanalire pagulu, koma tsiku limenelo analira mokweza ngati mwana, chigawo chong'aluka chili pamiyendo, mwina osadziwa n'komwe kuti akumveka mpaka panja. Ndinatseka chitseko cha shopu n'kuwasiya alire.

Mng'aluwo anaukonza monga amadziwira. Anadikira kuti mtengo uume, mng'alu ubwerere pamodzi. Anathiramo guluu, n'kuboola timabowo topingasa, n'kulowetsamo tiwaya tamkuwa tomanga mbali ziwirizo, pamwamba n'kutsekapo ndi fumbi la mtengo womwewo. Atamaliza, ine wa maso a telala ndinachita kufunafuna. Amayi a kupositi sakanauona mpaka kufa. Ndinawauza alamu zimenezo.

Tsiku limene mayiwo anabwera, alamu anavala malaya oyera. Asanalumikize chilichonse anatenga chigawo chija, n'kupita nacho pazenera, n'kuika chala cha mayiwo pamalopo.

"Apa panang'aluka, mayi. Simunabwere nacho chili chotere. Ndinachiswa ndine. Ndinachiuzira mopitirira muyezo, ndipo mtengo utandichenjeza sindinamve. Makutu anga sakumva bwino. Papita nthawi."

Amayi a kupositi anasisita pamalopo. Nkhope yawo inauma. "Bambo anga anachisunga moyo wawo wonse osachiswa," anatero. Mwamwayi kapena mwatsoka ankayang'ana alamu ponena zimenezi, ndipo alamu anaziwerenga zonse pamilomo. Anangogwedeza mutu kuvomera.

"Koma chilira?"

"Chilira. Pang'ono pokha."

Mayiwo anavula nsapato. Anayang'ana pansi pa matabwa pathu, podzaza ndi ulusi ndi zidutswa za nsalu, ndipo munthu wamkulu ndithu, wa imvi, anagwada n'kugona chafufumimba, tsaya lili pamkono. Alamu anafunditsa mtengo kukhwapa, ananyowetsa bango, n'kutseka makiyi onse mpaka wa pansi penipeni. Lumo langa linanjenjemera. Mapewa a mayiwo nawonso ananjenjemera, sindikudziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Alamu anauzira mpweya umodzi, wina, n'kuchotsa bango pakamwa okha, wina asanawauze. Ndinaona mmene dzanja lawo linavutikira kuchita zimenezo.

Mayiwo anadzuka, anadzisasa fumbi, anathokoza mwachidule. Sanawakhululukire ndi mawu, sanawadzudzulenso. Amuna awiri aja ananyamula bokosi, ndipo Apongozi anatuluka mmene analowera. Alamu anaima pakhomo mpaka bokosilo linakhota pakona. Tsiku lonselo sanagwire chida chilichonse.

M'mawa mwake ndinabwera mtima uli m'mwamba, chifukwa mawu aja oti sakumva anali atawanena ndi pakamwa pawo, ndipo alamu si munthu wobweza mawu. Ndili patali ndinayang'ana pamwamba pa chitseko. Makwerero anali atatsamira khoma, koma chikwangwani chinali pomwepo. Mkati ndinapeza katani itamangidwa kumbali. Mpando wa achemwali unali utapukutidwa, ndipo pambali pake panatsamira ndodo ija yolemera kunsi. Patebulo panali kachitoliro kakang'ono kasiliva, kotsala mwa zija za kusukulu.

"Ndinakwera makwererowo," anatero alamu. "Ndinatsikanso. Khalani apo, Singano. Kakalakwika mugogode."

"Ine si achemwali. Sindidzati ndikuona, ndidzati ndamva."

"Nenani zimene mukufuna, sindikumvani. Ingogogodani."

Ndinakhala, n'kutenga ndodoyo. Anauzira, akutsika kiyi ndi kiyi. Chakumunsi ndinamva kampweya kakunong'ona. Ndinakweza ndodo n'kugunda pansi: gu.

Alamu anasiya chitoliro patebulo n'kudzuka msangamsanga, nkhope ili kumasitepe. Anali ataponda sitepe yoyamba pamene anakumbukira. Anaima pamenepo pang'ono, dzanja lili pakhoma. Kenako anabwerera patebulo, anatenga sikuludiraiva, n'kundifunsa kuti ndi kiyi uti.